Chaka Chimene Thobwa la Amayi Linayamba Kuluma

Ndikukumbukira chaka chimene thobwa la amayi linayamba kuluma lilime. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinkakhala ku Mlonyeni, m'mudzi wochita malire ndi esiteti ya fodya. Amayi anga, aNabanda, ankadziwika dera lonselo ndi thobwa lawo la chimera cha mawere, lofiirira, lozuna popanda kuthiramo shuga. Mpingo wathu ukakhala ndi msonkhano waukulu, wa ubatizo kapena wa mgonero, pamene akhristu a midzi yakutali ankabwera ndi mikeka yawo kudzagona konko, ntchito ya thobwa inkagwera amayi popanda wina kufunsa. Iwo sankaiona ngati ntchito. Ankati ena Mulungu anawapatsa kulalika, ena kuyimba, koma iwo anawapatsa kuziziritsa kukhosi kwa anthu ake.

Mpingo wathu unkaletsa mowa kotheratu. Anzathu opemphera ku mishoni ya Guilleme ankatiseka kuti ife timathawa ngakhale mthunzi wa chipanda. Wopezeka akumwa kapena kufulula ankadulidwa mgonero, ndipo dzina lake linkatchulidwa pamaso pa anthu onse m'tchalitchi. Ndinaonapo mayi wina akuchitidwa zimenezi, ndipo sindinaiwale mmene anaweramitsira mutu mpaka mpango wake kugwa pansi.

Thobwalo amayi ankaphikira m'miphika ikuluikulu, likazizira n'kulithira mumgolo wachitsulo umene abambo anagula kwa munthu wina wamalonda wochokera ku Zambia. Mgolowo unabwera wotseka uku ndi uku. Abambo anaudula kumwamba, ndipo ataona kuti m'mphepete mwatsala mano akuthwa, anakhala pansi pa mtengo wa mango akupindira mphepetezo mkati ndi hamala, pang'onopang'ono, mpaka kukamwa kwa mgolo kunasalala ngati kwa mbiya.

“Mikono iyi isachekedwe,” anatero abambo tsiku limenelo, akuyang'ana amayi. “Ndi imene imatidyetsa.”

Kutsuka mgolowo inali ntchito yanga, chifukwa ndinali wowonda ndipo ndinkakwanamo. Tinkaugoneka chammbali, ine n'kukwawiramo mutu patsogolo, nditatenga mchenga, sopo ndi chitsononkho cha chimanga. Ndinkakwecha mpaka zala kuwawa. Ndikatuluka, amayi ankapisamo mkono ndi kansalu koyera, kupukuta pansi ndi m'mbali, kenako n'kukayang'ana padzuwa. Kakatuluka ndi kadontho, ndinkabwereramo. Amayi ankanyadira ukhondo wawo kuposa chovala chilichonse chimene anali nacho.

Vuto linayamba pa msonkhano wa ubatizo, nyengo yotentha. Mgolo unadzazidwa mpaka kukamwa, n'kuvindikiridwa ndi chiguduli. Lamulungu, anthu atatuluka m'mapemphero, amayi anavundukula, ndipo pamwamba panali thovu likuchita kulira pansipansi. Anatunga, n'kuyamba kugawa. Gogo wina wa ku Kapondo atamwa anapukuta ndevu zake, n'kufunsa mokweza kuti, “Ndani ameneyu watikumbukira ife akale?” Anthu anaseka kwambiri. Koma a Mbewe, mkulu wa mpingo, sanaseke. Anatenga kapu, n'kuinunkhiza nthawi yaitali, n'kuibweza osamwa.

Amayi anati mwina ndi dzuwa. Pa msonkhano wotsatira anaphika mochedwerapo kuti lisakhalitse, anasintha chimera, anaika mgolo pamthunzi. Linalumabe. Chodabwitsa chinali chakuti thobwa limene ankaphika pakati pa mwezi, logulitsa kwa matenanti a pa esiteti, silinkachita zimenezi. Limenelo linkangofika pakati pa mgolo, ndipo linkatha lili lozuna ngakhale litagona. Mgolo womwewo, manja omwewo, chimera chomwecho. Koma likakhala la mpingo, linkasanduka.

Nkhani imeneyi anthu anaitanthauzira pawiri. Ena ankati aNabanda amachita dala kuti atchuke kwa amuna okonda zowawa. Koma amayi anga ankati pali mdani amene akulimbana ndi ntchito ya Mulungu, chifukwa akanakhala matenda a mgolo, bwenzi akugwira thobwa lililonse.

Tsiku lina masana a Mbewe anabwera kwathu. Anakana mpando, anangoima pabwalo chipewa chili m'manja.

“Mayi Nabanda, ife sitikufuna kukuweruzani,” anatero. “Koma anthu akulankhula, ndipo ana a Sande sukulu amwa zimenezi. Mgonero ukubwerawu muphikenso. Likatuluka monga latulukira kawiri konseka, ndiye kuti nkhani yanu ikalowa ku bwalo la akulu, ndipo pa gome simudzakhalapo.”

“A Mbewe, inu mukundidziwa kuyambira ndili mtsikana.”

“Ndikukudziwani, mayi. Koma mphuno yanganso ndimaidziwa.”

Atachoka, amayi anakhala pakhonde. Akanatha kungoti ntchitoyo aipereke kwa wina, koma ankadziwa kuti kukana kuphika kukanakhala ngati kuvomera mlandu.

Ndi masiku omwewo pamene tinayamba kulabadira zoyera zina za mumgolo. Mgolo ukatsukidwa n'kuuma padzuwa, m'mbali mwake munkatsala mikwingwirima yotuwa, yonga ufa wopaka ndi chala. Ndikakwecha zinkaoneka ngati zachoka, koma ukangouma zinkabweranso. Amayi anazipala ndi chikhadabo, n'kuziyang'ana pafupi ndi maso.

“Uwu si ufa wanga,” anatero. “Wina akuwaza mankhwala mumgolo muno.”

Sitinafunike kutchula dzina. Kuseri kwa nkhokwe zathu, njira ya ku mjigo isanakhote, kunkakhala amake Layisoni. Anachokera ku Phalombe ndi amuna awo kudzalima fodya monga matenanti. Amunawo atamwalira, iwo sanabwerere kwawo. Anapempha malo m'mudzi mwathu n'kuyamba kufulula masese. Sankapemphera kulikonse, ankayankhula mosabisa mawu, ndipo ankaseka mokweza ngati mwamuna. Matenanti amene ankagula thobwa kwa amayi ndi omwewo ankagula mowa kwa iwo. Chifukwa cha nsanje chinalipo, ndipo njira yawo yopita ku mjigo inkadutsa pambali penipeni pa malo amene tinkayanikapo mgolo.

Amayi anandipatsa ntchito yolondera. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala kuseri kwa nkhokwe ndi mtedza wosenda, diso lili pa mgolo. Mtima wanga unali utaweruza kale. Ndinkaona mfiti m'kayendedwe kawo, m'mene ankamangira chitenje, ngakhale m'moni umene ankandipatsa. Tsiku lina ndinawaona akuchokera ku mjigo ndowa ili pamutu. Anaima pa mgolo wathu, anasuzumiramo, anapaka chala m'mbali, n'kuchiika pa lilime. Ndinathamanga mtedza uli mbwee, ndikufuula, “Amayi! Amayi! Ndawapeza!”

Amayi anatuluka m'khitchini manja ali ndi phulusa. Amake Layisoni sanathawe. Anatula ndowa yawo pansi modekha.

“Mukufuna chiyani pa mgolo wanga?” anafunsa amayi.

“Ndimaona ngati nawonso wamera imvi, amake Esinati. Yanga yonse yamera, chibwerere mjigo watsopanowu.”

“Imvi? Mukuseka? Ine dzina langa likuthera ku mpingo, inu mukuti imvi?”

“Ndi madzi awa, mayi. Kale tinkatunga kudambo, zinalipo izi? Madzi a mjigo ali ndi mwala. Akakumana ndi sopo wanuyo, ndiye basi. Iwe kazitape, thamanga ukathyole ndimu pamtengo wanga.”

Ndinayang'ana amayi. Sanandiletse, choncho ndinapita. Amake Layisoni analuma ndimuyo pakati ndi mano, n'kuifinyira pa mkwingwirima umodzi. Anadikira pang'ono, n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje. Pamalopo chitsulo chinawala, ndipo pouma sipanabwerenso kanthu.

“Mwaona? Zoyerazi sizinalakwire munthu. Sizingasandutse thobwa, ngakhale mutazinyambita tsiku lonse. Koma ndikuuzeni chimodzi, poti ine ndi ntchito yanga. Mowa sugwa kuchokera kumwamba. Uli ndi make. Ine make ndimamusunga dala, mbiya yanga sinditsuka mpaka pansi, kuti wakale adzutse watsopano. Inu mukumusunga osadziwa. Mufunefuneni.”

“Ndiye mukuti ndine wauve?”

“Ndati mufunefuneni.”

Anasenza ndowa yawo n'kumapita, akung'ung'udza kanyimbo. Amayi anawayang'ana mpaka anakhota. Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope ili gwa.

“Waona, Esinati? Wodziwa kumasula ndi yemwe anamanga. Akanadziwa bwanji za ndimu?”

Ndinavomera ndi mtima wonse. Chimene chikanatitsegula maso chinangolimbitsa chikayiko chathu. Mgolo unasamutsidwira kuseri kwa nyumba, kumene njira siidutsa. Tinaupaka mandimu mpaka unawala ngati watsopano. Tinaupempherera, abambo atagwira mbali ina, amayi mbali ina. Koma mawu aja akuti mowa uli ndi make anatsala m'nyumba mwathu, ndipo anayamba kugwira ntchito yawo mwa njira ina.

Abambo anga, asanatembenuke mtima, anali munthu wa mowa. Anausiya ine ndisanabadwe, ndipo ankachitira umboni za chimenechi m'tchalitchi misozi ili m'maso. Tsopano ndinayamba kuona amayi akuwayandikira akabwera kuchokera kudimba, ngati akufuna kuwalandira khasu, koma mphuno ili tcheru. Tsiku lina tikudya, anafunsa akuyang'ana m'mbale:

“Bambo a Esinati, kodi pa mgolo paja mumapitapo ine kulibe?”

Abambo anasiya kudya. Anasamba m'manja mwakachetechete.

“Funso limenelo lili ndi mchira, mayi. Utulutseni wonse.”

“Ndangofunsa.”

“Amene anandichotsa m'dzenje muja akudziwa ngati ndabwereramo,” anatero, n'kutuluka panja.

Ngakhale ine sindinapulumuke. Amayi anandifunsa ngati amake Layisoni anandipatsapo zitumbuwa kapena kanthu koti ndikaponye mumgolo. Ndinalira, iwo n'kundipepesa, koma tsiku lotsatira ndinawaona akupisa m'matumba a diresi langa la kusukulu. M'nyumba imene tinkayimba tikamaliza kudya munakhala zii. Tinkapempherabe pamodzi, koma aliyense ankatsinzina diso limodzi lokha.

Sabata ya mgonero inafika. Chimera chinali chitaperedwa, nkhuni zitaunjikidwa. Amayi anati ndilowe mumgolo komaliza, ndikweche ngati moyo wawo uli momwemo, ndipo unalidi momwemo. Unali m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Ndinakwawiramo monga mwa nthawi zonse, mutu kuloza pansi pa mgolo, miyendo kunja. Ndinakwecha pansi, ndinakwecha m'mbali, koma panalibe chokwecha. Chitsulo chinali mbee. Mikono itatopa, ndinadzipinda n'kutembenuka mkati momwemo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo, n'kukhala chotsamira pansi pa mgolo, nkhope kuloza kunja. Ndinkangofuna kupuma pamalo pamene palibe ondiyang'ana. Ndinapemphera pemphero la mwana, lopanda mawu okongola. Ndinati, Ambuye, amayi asatchulidwe m'tchalitchi.

Sindinganene kuti ndinamva liwu. Ndinangoona tintchentche. Tinali tating'ono, tofiirira, tija timazungulira mango owola. Tinkalowa kukamwa kwa mgolo, koma sitinkabwera kwa ine. Tinkakhota n'kuzimirira kunsi kwa mphepete zija abambo anapindira mkati. Ndinasendera pafupi. Munthu woima kunja akasuzumira sangaone kunsi kumeneko, chifukwa chitsulo chopindidwacho chimabisa. Ngakhale ine wolowamo sindinkakuona, poti nthawi zonse ndinkakufulatira. Ndinapisako chala. Chinalowa m'kanjira kopapatiza kozungulira mgolo wonse, n'kukhudza chinthu cholimba pamwamba koma chofewa mkati. Nditachitulutsa chinali ndi phala lakuda, lonanda. Ndinanunkhiza. Linali fungo lenileni la pabwalo pa amake Layisoni.

“Amayi!” ndinaitana, mawu anga akumveka ngati a m'chitsime. “Bwerani muone.”

Anabwera akuthamanga. Ndinawaonetsa chala. Ananunkhiza, n'kubwerera m'mbuyo.

“Wazitenga kuti?”

“Umu, kunsi kwa mphepetemu. Mwadzaza kuzungulira konse.”

Amayi anagwada, anapinda dzanja, n'kupisa okha. Anatulutsa zambiri kuposa zanga. Munali timakoko ta mawere, tofiira, tosakayikitsa. Anatiyang'ana nthawi yaitali pachikhatho pawo.

“Awa ndi mawere anga,” anatero motsitsa.

Abambo ataitanidwa anaona, ndipo ndi iwo amene anamaliza kulumikiza nkhaniyo. Thobwa logulitsa linkangofika pakati, silinkakhudza mphepete. La mpingo linkadzazidwa mpaka kukamwa, n'kulowa m'kanjira kaja, n'kugona pamodzi ndi zotsalira za misonkhano yonse ya m'mbuyo. Nthawi iliyonse linkasiyamo zatsopano, n'kutengamo zakale. Mdani amene ankasankha thobwa la Mulungu yekha anali phala la amayi lomwe, lobisala m'malo amene abambo anakonza ndi chikondi.

Kenako abambo anakatenga hamala ndi kachitsulo, n'kuyamba kuwongola mphepete zimene anapinda okha. Zimene zinatuluka mmenemo sindifuna kuzifotokoza kwa munthu amene akudya. Amayi anawiritsa madzi a phulusa, otentha kwambiri, ndipo tinakwecha kanjirako mpaka phala lonse linasungunuka. Pansi pake panali chikhakha cholimba ngati mwala, chimene phulusa linachilephera. Amayi anaima, anapukuta thukuta, n'kuyang'ana kumene kunali mtengo wa mandimu wa amake Layisoni.

“Pita,” anandiuza. “Koma upemphe bwino. Ugwade.”

Ndinapita, ndinagwada. Amake Layisoni anandiyang'ana kuchokera pamwamba mpaka pansi.

“Mwamupeza make?”

“Tamupeza, mayi.”

“Anali kuti?”

Nditawauza, anawomba m'manja n'kuseka mpaka kutsokomola. Anandidzazira mandimu m'chitenje, n'kundiuza kuti tikamaliza titsukuluze ndi madzi owira, ndipo tiumitse padzuwa msanga kuti dzimbiri lisalowe.

Loweruka thobwa linathiridwa mpaka kukamwa. Amayi akanatha kulekeza pakati kuti apewe ngozi, koma anati anthu a Mulungu sangamwe theka chifukwa cha mantha awo. Pothira mphika womaliza, mphepete yakuthwa ija inawacheka pamkono. Anamanga kansalu n'kupitiriza. Abambo anaona magaziwo, n'kuyang'ana kumbali.

Lamulungu, mapemphero a m'mawa atatha, mgonero usanayambe, anthu anasonkhana pansi pa mitengo. Ine ndinaima pafupi ndi mgolo. Amayi anavundukula chiguduli. Pamwamba panali bata, popanda thovu, popanda kulira. A Mbewe anabwera poyamba, monga aliyense ankayembekezera. Analandira kapu ndi manja awiri. Ananunkhiza. Anamwa pang'ono, n'kulisunga m'kamwa ngati munthu wofufuza mchenga mu mpunga. Anameza. Kenako anamwa lonse, n'kutambasula kapu.

“Onjezerani, mayi Nabanda.”

Mawu a kupepesa sanatuluke pakamwa pawo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma masana amenewo amayi anakhala pa gome la Ambuye, pamalo pawo, nsalu yoyera ili kumutu ndi kansalu ka bala kali pamkono. Gogo wa ku Kapondo yekha ndi amene anadandaula kuti thobwa la ulendo uno lafooka.

Pobwerera kunyumba amayi anali atasunga chigubu chimodzi. Sanalowe m'nyumba. Anandigwira dzanja n'kulunjika kuseri kwa nkhokwe, atavala zomwezo za kutchalitchi, anthu akuona. Tinapeza amake Layisoni akusefa mowa wawo. Amayi anagwada pakhomo pa mayi wofulula masese, n'kuika chigubu patsogolo pawo.

“Ndinakunenani m'mtima ndi pakamwa,” anatero. “Ndinaphunzitsanso mwana uyu kukuzondani. Mundikhululukire.”

Amake Layisoni anapukuta manja, anatsegula chigubu, n'kumwa.

“Hii, la ana ili,” anatero. “Silifika n'kumutu komwe. Dzukani, amake Esinati, mudetsa zovala zoyerazo. Ine ndazolowera. Mbuzi ikasowa m'mudzi muno, amayamba kununkhiza mphika wa wobwera.”

Anaseka ponena zimenezi, koma maso awo sanaseke. Kwa abambo, amayi anapepesa m'nyumba, chitseko chili chotseka, ndipo zimene anakambirana sindinazimve. Ndinangoona kuti tsiku lotsatira abambo anakhala pansi pa mango ndi mwala wonolera, akusalaza mano a mgolo limodzi ndi limodzi, osawapindanso.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo thobwa la mpingo wathu ndimaphika ndine. Migolo ya masiku ano ndi yapulasitiki, koma nayonso ili ndi timakwinya kunsi kwa kukamwa kwake, ndipo ndikamatsuka ndimayambira komweko. Atsikana ondithandiza amadabwa akandiona ndikugoneka mgolo pansi n'kulowetsamo mutu chagada. Ndimawauza kuti banga looneka nthawi zambiri silikhala ndi mlandu, ndipo kuti phulusa lili ndi ntchito yake, ndimu ilinso ndi yake.

Koma chimene ndinatenga mumgolo muja n'choposa katsukidwe. Ife tinali banja lopemphera, ndipo tinkadziwa pamtima chenjezo la Ambuye wathu pa anthu otsuka chikho kunja kokha. Tinkaganiza kuti silikutikhudza, chifukwa ife tinkatsuka mkati, ndipo tinkatsukadi mpaka zala kuwawa. Sitinkadziwa kuti mkati namonso muli malo amene munthu amawafulatira nthawi zonse, ndipo kuti malo amenewo sakhala pamene pali zoipa zodziwika. Amakhala pamene tinakonza bwino, pamene timanyadira, pamene sitiganiza n'komwe zopisapo chala. Pofunafuna wolakwa tinanunkhiza mnansi wamasiye, tinanunkhiza bambo wolapa, tinapisa m'matumba a mwana, ndipo chikayikocho chinawawitsa nyumba yathu msanga kuposa mmene phala lija linawawitsira thobwa.

Amayi anamwalira ali ndi chipsera chija pamkono. Ankachionetsa okha kwa amayi achitsikana a mu mpingo akabwera kudzadandaula kuti wina akuwachitira zoipa. Sankawatsutsa, chifukwa adani alipodi pansi pano. Ankangopinda malaya, n'kunena kuti, “Mwina n'zoona, mwana wanga. Koma usanapite pakhomo pa mnzako, uyambe walowa mwako, utembenuke.” Ine mpaka lero, mtima wanga ukayamba kuloza munthu chala, ndimagwada n'kupempha Mulungu kuti anditembenuze kaye, ndione kunsi kwa mphepete zanga, kumene dzanja langa silinafikepo.